Mliri wa Covid-19 ndi Maphunziro a Alangizi Osamalira Anthu

Awa ndi mawu amene Mlembi Wofalitsa Nkhani za Chipani m'Chigawo analankhula pa msonkhano wa atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma.



 Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mumayembekeza kuti ndikaimirira ndilankhule za misewu, za feteleza kapena za mijigo, pakuti zimenezo ndizo anthu amatifunsa tikapita ku misonkhano. Koma lero mundilole ndilankhule za munthu mmodzi amene timamukumbukira pokhapokha zinthu zikavuta. Munthuyu ndi mlangizi wosamalira anthu, amene kwathu timangoti a Social Welfare. Ndifuna kufotokoza zimene mliri wa Covid-19 unachita pa maphunziro a anthu amenewa, ndiponso pa njira imene ana athu amalowera ku sukulu za ukachenjede, chifukwa ngakhale mliriwo unapita, chilonda chimene unasiya pamenepa sichinapole.

Poyamba tikumbutsane ntchito ya mlangiziyu. Mwana akagwidwa ndi apolisi, lamulo losamalira ndi kuteteza ana la chaka cha 2010 silimuona ngati munthu wamkulu. Pamafunika wina woti apite kwawo kwa mwanayo, akaone mmene akukhalira, akamve kwa makolo ndi kwa mfumu, kenaka alembe lipoti loti lithandize khoti kuganiza ngati mwanayo abwerere kumudzi kapena apite kumalo osinthira khalidwe monga ku Chilwa ku Zomba kapena ku Mpemba ku Blantyre. Wopita kumeneko ndi mlangiziyu. Ndalama za Mtukula Pakhomo, zimene zinayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, zimadutsa m'manja mwa ofesi yomweyo. Khanda likatayidwa, mwana wamasiye akalandidwa katundu wa makolo ake, mtsikana akakwatiwitsidwa ali wamng'ono, gogo akathamangitsidwa pamudzi pomunamizira ufiti, onse amathera pa khomo lomwelo. Tsono anthu otere samera okha ngati bowa. Amaphunzitsidwa. Ena amaphunzira ku Magomero, m'boma la Chiradzulu, pa koleji imene ili m'manja mwa Unduna woona za amayi ndi chisamaliro cha anthu. Ena amatenga digiri ku Yunivesite ya Malaŵi ku Zomba, kumene tinazolowera kutcha Chancellor College, ena ku Yunivesite ya Akatolika ku Nguludi, ndi kwina kotero. Digiri ndi zaka 4. Ndiye kuti mlangizi amene tidzamufune mawa ayenera kukhala ali m'kalasi lero.

Pa 20 Malichi 2020, Pulofesa Arthur Peter Mutharika, monga Mtsogoleri wa dziko, analengeza kuti Malaŵi ali pa ngozi, ndipo pa 23 Malichi sukulu zonse zinatsekedwa, kuyambira za pulayimale mpaka za ukachenjede. Panthawiyi n'kuti matendawa asanapezeke mwa munthu aliyense m'dziko muno, pakuti odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Zipata zinakhala zotseka mpaka pa 7 Sepitembala, pamene analoledwa kubwerera a Sitandade 8, a Folomu 4 ndi a chaka chomaliza ku makoleji, ndipo otsalawo anabwerera mu Okutobala. Sipanapite nthawi, mliri unabweranso mwaukali kuposa poyamba. Pa 12 Januwale 2021 tinataya Nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo Dr. Lazarus Chakwera, amene anali Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, analengezanso kuti dziko lili pa ngozi. Sukulu zinatsekedwanso kufikira chakumapeto kwa Febuluwale. Mwaona nokha kuti mliriwu unapeza maboma awiri, ndipo polowa m'nyumba sunafunse khadi la chipani. Choncho sindinabwere kudzaloza chala munthu.

Koma pali kanthu kamodzi kamene ife andale tiyenera kuvomera. M'miyezi ya Meyi ndi Juni 2020, ana ali pakhomo chifukwa cha kuopa matenda, ife tinali m'mabwalo kusonkhanitsa anthu miyandamiyanda pokonzekera chisankho cha pa 23 Juni. Zipani zonse zinatero. Ine amene ndinali pamwamba pa galimoto ndi chimkuzamawu m'manja. Mwana wa Folomu 4 amene ankationa tikudutsa anali ndi ufulu wofunsa kuti matendawa amagwira m'kalasi mokha kodi. Palibe anamuyankha.

Nanga m'midzimo munachitika zotani m'miyezi imene sukulu zinali zotseka? Kafukufuku amene Boma linachita m'chaka chomwecho cha 2020 anapeza atsikana oposa 40,000 amene anatenga mimba, ndi maukwati a ana okwana ngati 13,000. Izi zinachitika m'dziko limene linasintha malamulo ake aakulu m'chaka cha 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18. Lamulo linalipo, koma woti afike pakhomo ndi kulankhula ndi makolo anali wosowa. Nthawi yomweyo abale athu zikwizikwi anali kubwerera kuchokera ku South Africa pa mabasi kudzera pa chipata cha Mwanza, ambiri a iwo ali chimanjamanja. Mukukumbukira kuti kumapeto kwa Meyi 2020 anthu oposa 400 anathawa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre kumene anawasunga poyembekeza zotsatira za kuyezedwa kwawo. Ena anawatcha osamvera. Ine ndimaona kuti munthu amene wayenda masiku angapo pa basi, ntchito yamuthera, ndipo sakudziwa chimene akauze ana ake, amafuna wina wokhala naye pansi ndi kumufotokozera, osati mpanda wokha. Ndiponso pamene Boma linalengeza za K35,000 pa mwezi yothandizira mabanja ovutika a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, panafunika anthu odziwa kusiyanitsa wovutikadi ndi wochenjera.

Apa ndiye pagona nkhani yanga, Amayi ndi Abambo. Nthawi imene dziko linafuna alangizi osamalira anthu kuposa kale lonse, ndiyo nthawi imene ophunzira ntchitoyi anali atawabweza kwawo, ndipo ofuna kuyamba kuiphunzira anali ataima panja pa chipata chotseka.

Ndiyambe ndi amene anali kale m'kati. Sukulu za ukachenjede zinayesa kuphunzitsa kudzera pa intaneti, ndipo aphunzitsi ambiri anachita khama lotamandika, kutumiza maphunziro pa WhatsApp ndi kusonkhanitsa ophunzira pa Zoom. Koma tiyeni tinene zoona. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, 84 amakhala kumudzi, ndipo nyumba zounikira magetsi a ESCOM zinali ngati imodzi yokha mwa nyumba 10. Wophunzira wa ku Area 47 ku Lilongwe kapena wa ku Namiwawa ku Blantyre ankatsegula kompyuta ali pa mpando. Mnzake wa kumudzi ankayamba wapalasa njinga kukatchajitsa foni pa sitolo ya pa msika, kenaka kupempha ndalama ya bandulo kwa makolo amene geni yawo inali itaima, kenaka kukwera pachulu kusaka netiweki. Onsewa mayeso ake anali amodzi.

Komabe vuto la bandulo ndi laling'ono poyerekeza ndi ili. Pali maphunziro ena amene munthu angathe kuwatenga m'buku. Ntchito yosamalira anthu siili m'gulu limenelo. Wophunzira aliyense amayenera kutumizidwa kukakhala miyezi ingapo pa ofesi ya Social Welfare, pa chipatala, ku ndende kapena ku bungwe losamalira ana, kumene ophunzirawo amati ku atachimenti, akuyang'aniridwa ndi munthu amene wakhalitsa pa ntchitoyo. Kumeneko ndiko amaphunzira zimene mphunzitsi sangalembe pa bolodi: kuyamba kwa Nyakwawa usanalowe m'nyumba ya munthu, kukhala pamphasa osati kufuna mpando, kudziwa kuti mayi amene akuti "zonse zili bwino" maso ali pansi, pamene mwamuna wake waima pakhomo, sakunena zoona. Amaphunzira kufunsa mwana wogwiriridwa popanda kumuopsa, ndi kusunga chinsinsi ngakhale wofunsayo ali mkulu wa Chipani. Amaphunziranso kupirira, chifukwa mlandu umodzi wa katundu wa amasiye ungathe kumuyendetsa maulendo asanu. Tsono mliri unaletsa chinthu chimenechi ndithu. Maofesi anachepetsa anthu obwera ku ntchito, zipatala ndi ndende zinaletsa alendo, ndipo kulowa m'nyumba za anthu kunasanduka chinthu choopsa kwa mlendo ndi kwa eninyumba omwe.

Musaganize kuti izi zinavuta ife tokha chifukwa cha umphawi. Ku America, bungwe loyang'anira maphunzirowa lotchedwa Council on Social Work Education limafuna kuti wophunzira digiri yoyamba akhale maola 400 akuphunzira ntchito pamalo pake. Mliri utafika m'chaka cha 2020, linalola kuti maola 340 akhale okwanira, ndiponso kuti wophunzira azitha kuthandiza anthu kudzera pa lamya ndi pa kompyuta. Iwo anatha kutero chifukwa wothandizidwayo naye ali ndi lamya m'nyumba. Kwathu kuno, gogo amene akulera zidzukulu zisanu m'kanyumba kofolera udzu mungamuimbire pa nambala iti?

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Mwana wa mlongo wanga anali m'chaka chachitatu cha maphunziro amenewa pamene sukulu zinatsekedwa. Anali atangoyamba atachimenti, ndipo anamupatsa nkhani ya kamtsikana ka Sitandade 7 kamene amalume ake ankafuna kukapereka kwa mwamuna wina wogula mbewu. Anali atapitako kawiri, ndipo amalumewo anali atayamba kufewa. Kenaka uthenga unabwera woti ophunzira onse abwerere kwawo. Anabwera kudzakhala kwa ine miyezi isanu, akulemba pa foni nkhani zopeka za mabanja opeka zimene aphunzitsi ake ankatumiza kuti ayeserepo. Sukulu zitatsegulidwa anapita yekha, pa ndalama yake, kukafunsa za kamtsikana kaja. Anapeza kali ndi mimba, kali pabanja m'mudzi wina kutsidya kwa mtsinje. Iye digiri yake anaitenga, mochedwa ndithu, koma anaitenga. Anandiuza kuti pa zonse zimene anaphunzira m'zaka zimenezo, chimene sadzaiwala ndi ulendo wachitatu umene sanapite.

Tsopano ndifike kwa amene anali panja pa chipata. Monga mukudziwa, khomo lolowera ku Yunivesite ndi mayeso a Folomu 4, a MSCE. Mwana amayenera kupeza makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo amawerengera mapointi a maphunziro 6 amene wakhoza bwino koposa, kotero kuti wochepa mapointi ndiye wopambana. Akatero amapempha malo, ndipo ntchito yosankha ophunzira opita ku sukulu za ukachenjede za Boma imayendetsedwa ndi bungwe la NCHE. Unyolo umenewu ukaduka pa mfundo imodzi, zonse za kutsogolo zimaima. M'chaka cha 2020 unaduka kawiri. Mayeso amene amalembedwa pakati pa chaka anayamba kumapeto kwa Okutobala chifukwa cha mliri. Ali m'kati, zinadziwika kuti mapepala ena abedwa ndipo akuyenda pa mafoni, motero pa 4 Novembala Nduna ya Maphunziro, Mayi Agnes NyaLonje, analengeza kuti mayeso onse athetsedwa. Analembedwanso mu Januwale 2021, mwezi womwe uja umene maliro anachuluka m'mizinda yathu. Ana analowa m'chipinda cha mayeso atavala zophimba kukamwa, ena atangochokera kumanda. Zotsatira zitatuluka, okhoza sanafike ndi theka lomwe la olemba.

Kubedwa kwa mayeso sikunali mlandu wa mliri ayi. Unali mlandu wa anthu adyera, osasunga mwambo, amene anagulitsa tsogolo la ana a eni. Koma ululu wake unagwera pa bala lomwe mliri unali utatema kale.

Maiko ena anasankha njira ina. Ku England mayeso a A-level a chaka cha 2020 sanalembedwe konse. Anafunsa aphunzitsi kuti apereke magiredi, kenaka anawadutsitsa m'masamu a pa kompyuta amene anatsitsa pafupifupi magiredi 4 mwa 10 alionse, ndipo anapweteka kwambiri ana anzeru a m'sukulu za m'madera osauka. Ana anachita zionetsero, ndipo pa 17 Ogasiti 2020 Boma lawo linabweza ganizolo. Ine ndimakhulupirira kuti ife tinachita bwino kulembetsa mayeso, ngakhale mochedwa. Koma tisadzinamize kuti popeza pepala linali limodzi ndiye kuti mpikisano unali wolungama. Mwana wa sukulu yolipira ya m'tauni anapitiriza kuphunzira miyezi yonse isanu ija. Mwana wa ku sukulu yoyendera ya kumudzi, ya CDSS, anali kudimba, kapena kuotcha njerwa, kapena kugulitsa mandasi. Ndipo zinangochitika kuti mu Febuluwale 2020, mwezi umodzi sukulu zisanatsekedwe, Boma linali litalengeza kutha kwa kota, njira ija yogawa malo a ku Yunivesite potsata maboma. Sindikunena kuti kota ibwerere. Nkhani imeneyo inatigawanitsa mokwanira. Ndikungonena kuti mapointi analemera koposa m'chaka chomwe mapointiwo ankaonetsa kwambiri za m'thumba mwa bambo kusiyana ndi za m'mutu mwa mwana.

Pamwamba pa izi panali kudikira. Yunivesite siingalandire a chaka choyamba pamene a chaka choyamba akale sanasunthe, chifukwa zipinda zogona, makalasi ndi aphunzitsi ndi omwewo. Kalendala itasokonekera, osankhidwa anakhala pakhomo miyezi yambiri akudikira kuitanidwa, ndipo m'kati mwa zonsezi, mu Meyi 2021, Yunivesite ya Malaŵi inagawidwa patatu, Polytechnic n'kukhala MUBAS, sukulu za udokotala ndi unamwino n'kukhala KUHeS. Kwa mnyamata wa m'tauni kudikira kotere ndi kutopa chabe. Kwa mtsikana wa kumudzi ndi nkhani ina. Mwezi uliwonse umene wakhala pakhomo, azakhali amafunsa kuti sukuluyo idzayamba liti, anzake onse ali ndi ana kumbuyo, ndipo wina amabwera ndi njinga yamoto kudzafunsira mbeta. Mbuzi imene bambo anasungira fizi imagulitsidwa kuti agule chimanga. Dzina limatuluka pa mndandanda wa osankhidwa, mwini dzina ali kale kwina.

Mwina wina afunsa kuti izi zikukhudza bwanji ntchito yosamalira anthu kusiyana ndi maphunziro ena onse. Zikuikhudza chonchi. Injiniya wobadwira m'tauni angathe kumanga mlatho wabwino ku Nsanje. Koma mlangizi wosamalira anthu amathandizidwa kwambiri ndi kumene anachokera. Amene anakulira m'mudzi amadziwa mphamvu ya amalume pa ana a mlongo wawo kuno kwa ife a chikamwini, amadziwanso kulemera kwa lobola kumpoto ndi ku Chigwa cha Shire, ndipo akatumizidwa ku dera lakutali sathawa pakatha miyezi itatu. Mtsikana amene anaona anzake akukwatiwitsidwa ndiye amadziwa mawu oti alankhule kwa mayi wa mwana. Awa ndiwo ana amene mliri unawagwetsa panjira mochuluka. Kuwonjezera apo, ambiri ophunzira ntchitoyi amalowera ku sukulu zolipira, kapena ndi anthu akuluakulu amene ali kale pa ntchito ndipo akufuna kukweza dipuloma yawo kuti ikhale digiri. Amenewa amadalira geni ya mkazi kapena ya mwamuna wawo, kapena ndalama yochokera kwa mbale wa ku Johannesburg. Zipata za maiko zitatsekedwa, chitsime chimenecho chinauma, ndipo ena anasiyira panjira osabwereranso.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi. Koma sukulu zathu sizinasiye kutsekedwa. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anasandutsa makalasi ambiri a m'Chigawo cha Kummwera kukhala misasa ya anthu othawa madzi. M'misasamo munali ana otayana ndi makolo, ndipo anafunikanso anthu omwe aja. N'chifukwa chake ndikupempha akuluakulu a Boma amene muli pano kuti tsoka lina likadzagwa, wophunzira ntchito yosamalira anthu asadzabwezedwe kwawo ngati mwana wa Sitandade 1. Apatsidwe zodzitetezera, aikidwe pansi pa mlangizi wa m'boma la kwawo komweko, ndipo masiku amene wagwira awerengedwe monga mbali ya maphunziro ake. Dziko lidzapindula kawiri.

Inu a m'maofesi, kalata ikabwera yopempha malo a atachimenti, musaiike pansi pa mafayilo. Ndipo wophunzirayo akabwera, musamusandutse wophika tiyi ndi wojambulitsa mapepala. Mutengeni popita kumudzi. Ndikudziwa kuti mafuta a njinga yamoto ndi ovuta, koma galimoto yopita ku msonkhano wa Chipani simalephera kupeza mafuta, ndipo mpando wakumbuyo nthawi zambiri umapita wopanda munthu.

Kwa inu atsogoleri a m'nthambi ndi m'madera, makamaka Amayi, pempho langa ndi ili. Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Inu mumadziwa nyumba iliyonse m'dera lanu kuposa kalaliki aliyense wa ku Capital Hill. Mumadziwa mwana amene anakhoza Folomu 4 m'zaka za 2021 ndi 2022 koma sanapite kulikonse. Mumadziwa mtsikana amene anasankhidwa koma anakhala chifukwa cha mimba, ndi amene anayamba koleji n'kusiyira chaka chachiwiri. Ambiri a iwo sakudziwa kuti satifiketi ya MSCE siwola, kuti kuli bungwe la Boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a ku sukulu za ukachenjede, ndiponso kuti munthu wamkulu angathe kupempha malo ku Yunivesite ngakhale papita zaka. Pitani mukawauze. Musafunse kuti makolo awo anavotera ndani. Lembani maina awo, mudzi, chaka chimene analemba mayeso ndi mapointi amene anapeza, ndipo mupereke kwa Mlembi wa Chipani wa boma lanu usanathe mwezi wa mawa. Ine ndidzasonkhanitsa mapepalawo, ndipo pamodzi ndi Bambo Wapampando tidzapita nawo kwa a DC ndi kwa akuluakulu a maphunziro, boma ndi boma, kuyambira kumene maina adzachuluke.